Chisanu cha ku Mulanje chimalimbitsa oilo wa makina ochekera mitengo

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ya chiperoni ikamawomba, ku Mulanje kumazizira kwambiri. Pamwamba pa phiri, pomwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, usiku wina madzi amachita kuundana. Kwa ocheka matabwa a paini ndi odula bulugamu wa nkhuni zoumitsira tiyi, nyengoyi ndi yomwe makina a chainsaw amaonongeka msanga, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi oilo.

Makinawa ali ndi matanki awiri. Ina imalowa petulo wosakaniza ndi oilo wa injini, pomwe inayo imalowa oilo wofewetsa tcheni ndi chitsulo chomwe tcheniyo imazungulirapo. Tcheni imathamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi imodzi, choncho imafunika kunyowa nthawi zonse.

Kukazizira, oilo amalimba ngati uchi ndipo kapampu kakang'ono kamalephera kumukankha. Tcheni ikayenda youma imatentha, imatamuka, imadya chitsulo, ndipo ikhoza kuduka n'kuvulaza wocheka.

Njira yoyamba ndi kusankha oilo woyenera. Wa nyengo yotentha amakhala wolimba ngati SAE 30, pomwe wa nyengo yozizira amakhala wopepuka ngati SAE 10. Ku Boma, komwe sikuzizira ngati kuphiri, oilo wa masiku onse amagwirabe ntchito bola chigubu chigone m'nyumba. Kuchiwotcha pamoto n'kuika moyo pachiswe, chifukwa petulo amakhala pafupi.

Musanayambe kucheka, lizani makina kwa mphindi zingapo, kenaka lozetsani nsonga yake pachitsa choyera osachikhudza. Pakaoneka mzere wa timadontho, ndiye kuti oilo akutuluka. Pakapanda kuoneka, zimitsani makina ndipo chotsani utuchi pakabowo kotulukira oilo. Chizindikiro china n'chakuti petulo akatha koma tanki ya oilo idakali yodzaza, tcheni yakhala ikuyenda youma.

Mukaweruka, masulani tcheni pang'ono. Chitsulo chikazizira chimafupika, ndipo tcheni yomangidwa ili yotentha imakoka ndi kuononga ziwalo za injini.

Pofuna kupulumutsa ndalama, ena amathira oilo wakuda wochotsedwa m'galimoto. Oiloyu amakhala ndi tizitsulo tomwe timaononga pampu, ndipo makampani opanga makinawa monga Stihl ndi Husqvarna amaletsa kumugwiritsa ntchito. Komanso oilo yense wa tcheni amathera pansi, ndipo mvula ikagwa amakokolokera m'mitsinje ngati Likhubula, Lichenya ndi Ruo, yomwe anthu amamwa.

Pomaliza, makina osamalidwa bwino sapereka ufulu wodula paliponse. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, limafuna chilolezo kwa aliyense wodula mitengo m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje, kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lino womwe watsala pang'ono kutheratu.