UDZU, MOTO NDI NYUMBU

Munthu akayang'ana cidikha ca udzu, aganiza kuti mvula ndi nthaka ndizo zokha zicisunga. Komatu udzu wa m'chire uli ndi eni ace awiri olimbirana, ndiwo nyama ndi moto. Udzu umene nyama zausiya, moto ndiwo uudya. Zimene zinacitika ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, zionetsa bwino mlandu umenewu.

M'caka ca 1887 mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest unalowa mu Africa pa doko la Massawa, pamodzi ndi ng'ombe za asilikari a ku Italy. Unayenda cakumwera, nupha ng'ombe, njati ndi nyumbu zosawerengeka, ndipo mu 1896 unaoloka Zambezi. Ku Serengeti nthendayo siinacoke msanga ai. Inakhalira m'makola a anthu ozungulira, ndipo zaka zambiri inali kupha ana a nyumbu asanakule. Motero nyama zinali zocepa, udzu unali wocuruka, ndipo cirimwe ciri conse moto unali kupsereza mbali yaikuru ya dzikolo, pamodzi ndi timitengo tongomera kumene.

Tsono madokotala a ziweto anayamba kutemera ng'ombe. Nyumbu sanazitemere, koma pamene nthenda inatha m'makola, inathanso m'chire. Mu 1961 nyumbu zinali ngati 260,000. Pofika 1977 zinali pafupi 1,400,000. Ena anaopa kuti khamu lotere lidzasandutsa dziko cipululu. Koma sizinatero. Nyumbu zinameta udzu usanaume, moto unasowa cakudya nucepa, ndipo timitengo ta minga timene kale tinali kupsa caka ndi caka tinapeza mpata wakukula. Malo amene anali poyera anasanduka nkhalango yapatalipatali, ndipo mbalame ndi nyama zakudya masamba zinapeza pokhala.

Nyama zakudya msipu sizidya mofanana. Mbidzi ndizo zitsogola. Mano ao ndi mimba yao zikhoza mapesi atali ndi olimba. Pambuyo pao pabwera nyumbu, zokhala ndi pakamwa potambalala, nizidya masamba ofewa a pansi. Potsiriza zifika nswala zazing'ono za kumeneko kudzadya mphukira zatsopano. Udzu suvutika nako kumetedwa kotere, pakuti umakulira patsinde, osati kunsonga monga mtengo. Ukalandira mvula ndi ndowe uphukanso, ndipo msipu watsopanowo uposa wakale kukoma kwace.

Nanga mikango, afisi ndi anyalugwe nchito yao njotani? Tony Sinclair ndi anzace, amene anawerenga nyama za ku Serengeti zaka zoposa 40, anapeza kuti zirombo sizilamulira nyama zonse cimodzimodzi. Kanyama kakang'ono kali ndi adani ambiri, ndipo pafupifupi tonse totere tifa ndi mano a cirombo. Koma nyama yolemera kuposa makilogalamu 150, monga njati, iri ndi mdani mmodzi kapena awiri, ndipo cimene cicepetsa mtundu wace ndi njala. Nyumbu nazo zipulumuka cifukwa ca ulendo wao wakutsata mvula, popeza mkango wokhala ndi ana sungathe kuzilondola kutali. Pa cirala ca mu 1993 zinafa zambirimbiri, osati ndi mikango koma ndi kusowa msipu. Cotero zirombo zisunga nyama zazing'ono kuti zisacuruke kopambana, ndipo udzu womwewo ndiwo uika malire pa zazikuru.

Rinderpest inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi mu 2011. Adani otsala a nyumbu ndi a manja a munthu, ndiwo misampha ya waya, mipanda ndi minda yotseka njira zao. Mau amenewa akhudzanso dziko la Zambia, pakuti ku Liuwa, kumadzulo, kuli nyumbu zikwi zambiri zimene ziyenda ulendo wao caka ndi caka. Wochera msampha ayesa kuti wacotsa nyama imodzi yokha m'chire. Sadziwa kuti udzu umene nyamayo ikadadya wausungira moto.