Pampu ikang'aluka, yambani mwayesa ndi maginito

Alimi anzanga, mwezi wa Seputembala chaka chatha ndidatsala pang'ono kutaya dimba lonse la matimati chifukwa chosadziwa kusiyana kwa chitsulo ndi aluminiyamu.

Dimba langa lili kuno ku Ntchisi, m'mbali mwa kamtsinje, ndipo ndimathirira ndi pampu yoyendera petulo. Tsiku lina tikutsika chitunda, pampu idagwa pangolo n'kumenyetseka pamwala. Chigoba chomwe mumadutsa madzi chidang'aluka, mng'alu wake kutalika ngati chala. Nditailiza idangolira osakoka madzi, pakuti inkayamwa mpweya. Apo n'kuti matimati atayamba maluwa, dzuwa likuswa mtengo.

Ndidathamangira nayo kwa mmisiri wina amene amatiwotcherera ngolo ndi makasu. Iye adangotenga ndodo yowotcherera zitsulo wamba n'kugunditsa. Posakhalitsa pamng'alupo padatsekuka chibowo cholowa chala chachikulu. Sindimuda, pakuti nanenso sindidafunse. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mawa lake ndidadzera ku Mponela mpaka ku Lilongwe, komwe ndidapeza mmisiri wachikulire wodziwa ntchitoyi. Asadanene kanthu adaika maginito pachigobacho, ndipo adagwa.

"Mwaona, bambo? Iyi ndi aluminiyamu. Mukadayesa chonchi kumudzi, bwenzi chibowochi palibe," adatero.

Adandifotokozera kuti aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660, pomwe chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500. Komanso pamwamba pake pamakhala kakhungu kosaoneka komwe sikasungunuka mpaka moto utapitirira madigiri 2,000. Choopsa china n'chakuti aluminiyamu siifiira ikatentha. Mmisiri amadikira kuti aone kufiira, koma pansi pa kakhunguko zasanduka kale madzi, kenaka pamangobooka.

Makina ake ndi aja amawatcha MIG, omwe m'malo mwa ndodo amatulutsa waya mosalekeza, gasi n'kumaphimba powotchapo. Vuto n'lakuti waya wa aluminiyamu ndi wofewa. Kumukankha m'chingwe chachitali kuli ngati kulowetsa luzi lonyowa m'bango: amapindika n'kupiringizana. N'chifukwa chake pali chogwirira chapadera chotchedwa spool gun, chomwe chimanyamula kampukutu ka waya pafupi ndi dzanja. Chimenechi ndi chodula ndipo iye alibe. Nanga adatani?

Poyamba adandiuza kuti ndimasule chigobacho, chitalikirane ndi thanki ya petulo. Adaboola timabowo kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire, adakulitsa mng'aluwo pang'ono kuti waya alowe mpaka pansi, n'kuchotsa zonyansa zonse zomwe ndodo ija idasiya. Kenaka adapala ndi burashi ya chitsulo chosachita dzimbiri, yomwe saikhudzitsa ku chitsulo china chilichonse.

Atatero adakonza makina. M'chingwe adaikamo kapaipi koterera ka Teflon m'malo mwa kachitsulo. Adasintha timagudumu tokankha waya, n'kuika tamphako yozungulira tosaphwanya waya, ndipo sadatimange kwambiri. Kamlomo kotulukira waya adasankha kokulirapo, popeza aluminiyamu ikatentha imafufuma n'kukakamira. Gasi adalumikiza wa argon yekhayekha, osati wosakaniza uja wa zitsulo wamba. Waya adatenga wonenepa, wa mamilimita 1.2. Adati wa nambala 5356 ndi wolimbirapo ndipo amayenda bwino m'chingwe, koma pa chigoba choumbidwa m'chikombole ngati changa, wa 4043 ndiye amagwirizana nacho.

Chomwe chidandiseketsa n'chakuti adakankhira makinawo kutali kuti chingwe chiwongoke ngati mzere wa fodya, ndipo adaopseza mnyamata wake kuti asachiponde. Adafunditsa chigobacho pang'ono, n'kuwotcherera mofulumira, akukankhira moto kutsogolo osati kukokera kumbuyo. Waya adapiringizana kamodzi, iye adadula n'kuyambanso osadandaula.

Ndidabwerera kumudzi patapita masiku atatu. Apabanja panga adali akuthirira ndi makheni, koma mizere yakumtunda idali itayoyola kale maluwa. Ndalama ya mmisiri woyamba, ya ulendo ndi ya matimati otayikawo ikadatsala m'thumba ndikadakhala ndi kamaginito ka muwailesi yakufa.

Tsono anzanga, chipangizo chikasweka, kaya ndi pampu, paipi yothirira kapena mphika, chiyeseni ndi maginito. Akagwira, mmisiri wapafupi akhoza kuthana nacho. Akagwa, funsani mafunso awa musanapereke katundu wanu: kodi adawotchererapo aluminiyamu? Ali ndi argon? Ali ndi waya kapena ndodo zake za aluminiyamu? Akayankha mozemba, nyamulani katundu wanu. Nanunso amisiri a m'misika yathu, kunena kuti "izi sindingathe" sikuchotsa ulemu.

Pampu yanga ikugwirabe ntchito, ndipo masiku ano imakwera ngolo itakhala pamatumba, yomangidwa ndi mphira.