Mayina a Malo Oyamba ndi E- m'Boma la Mzimba

Alembi ambiri amakayika akafika pa mayina monga Embangweni, Edingeni ndi Emfeni, omwe ndi malo a kummwera kwa boma la Mzimba. Ena amachotsa lembo la E n'kulemba "Mbangweni". Kutero n'kulakwa.

Mayinawa ndi Achingoni, chiyankhulo chomwe anthu a Zwangendaba adawoloka nacho mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835. Lero anthu ambiri ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, koma mayina a midzi ya mafumu adatsala m'Chingoni.

M'Chichewa timasonyeza malo pophatikiza ku-, pa- kapena mu- kumayambiriro kwa dzina. Chingoni, monganso Chizulu, chimagwira dzina mbali zonse ziwiri: e- kumayambiriro, -eni kapena -ini kumapeto. Taonani zitsanzo izi:

ilanga (dzuwa): elangeni, padzuwa
imfe (misale): emfeni, pamisale
umbango (mkangano): embangweni, pamkangano

Chitsanzo chachitatuchi chili ndi phunziro lake. Dzina likathera ndi o, lembolo limasanduka w lisanalandire -eni. Choncho w wa mu Embangweni sadalowemo mwangozi, ndipo mkonzi asamuchotse. Dzina la Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, lili ndi tsinde la mneni -dinga, kutanthauza kusowa.

Tsono wina angafunse kuti, ngati E- akugwira kale ntchito ya ku-, kodi kulemba kuti "ku Embangweni" si kubwereza? Inde, n'kubwereza ndithu. Komabe ife tikuona kuti palibe cholakwa, pakuti m'chiganizo cha Chichewa dzinalo limalowa lathunthu monga dzina lamwinimwini. Tilembe kuti, "Mishoni ya Loudon idakhazikitsidwa ku Embangweni m'chaka cha 1902."

Chenjezo lina ndi la lembo la c. Malamulo a kalembedwe a 1973 adasintha c wakale kukhala ch, motero "cimanga" adakhala "chimanga". Lamuloli n'la mawu a Chichewa okha. M'dzina la Emcisweni, kwa Inkosi Mpherembe, c akuyimira liwu la Chingoni lotuluka pokanda lilime kumano, lomwe Chichewa chilibe. Aphunzitsi awuze ophunzira kuti c ameneyu asamuwonjezere h.