Kuchoka ku Chileka Kukatera ku Lumbadzi: Mtunda wa Mlengalenga ndi Nthawi Yeniyeni ya Ulendo

Ambiri mwa ife okhala m'mawodi ozungulira Chileka timaona ndege zikunyamuka kulowera ku Lilongwe, ndipo timamva kuti ulendowu sukwana ola. Zimenezi n'zoona, koma musanagule tikiti ndi bwino kudziwa mmene nthawiyo imawerengedwera.

Mukajambula mzere wowongoka pamapu, kuchoka pabwalo la ndege la Chileka kukafika pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi pali makilomita pafupifupi 245. Pamsewu wa M1 mtundawu umapitirira makilomita 300, chifukwa msewuwo umadzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, n'kumakhotakhota motsatira mapiri ndi zigwa.

Ndege ya mtundu wa Q400, imene kampani ya Malawi Airlines yakhala ikugwiritsa ntchito pamaulendo afupiafupi, imatha kuthamanga makilomita opitirira 600 pa ola. Pa liwiro limeneli ikanafika m'mphindi zosakwana 25, komabe ulendowu umatenga mphindi zapakati pa 40 ndi 60. Chifukwa chake n'chakuti ndege imayamba yayenda pang'onopang'ono pansi, kenako imakwera m'mwamba isanafike pa liwiro lake lonse. Paulendo waufupi ngati uwu, imangoti yakwera, nthawi yotsika yakwana. Potera imafunikanso kuzungulira kuti iyang'anizane ndi mphepo. M'dzinja, mvula yamphamvu ndi mitambo yotsika zimatha kuichedwetsa.

Nthawi yambiri imathera pansi. Bwalo la Chileka lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre, ndipo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Wapaulendo ayenera kufika pabwalo kudakali ola kapena kuposerapo kuti aonetse tikiti ndi chiphaso, ndiponso kuti katundu wake ayezedwe ndi kufufuzidwa. Akatera, amadikira katundu ndi galimoto yopita m'tauni. Zonsezi zikaphatikizidwa, ulendo wochoka pakhomo kukafika pakhomo umatenga maola atatu kapena kuposerapo. Basi yaikulu yosaimaima panjira imatenga maola anayi kapena asanu.

Choncho ndege imakupulumutsirani ola limodzi kapena awiri, koma pamtengo wokwera kwambiri poyerekeza ndi basi. Imathandiza kwambiri munthu amene ali ndi msonkhano m'mawa ku Capital Hill ndipo akufuna kubwerera tsiku lomwelo, kapena amene akukakwera ndege ina yopita kunja kwa dziko. Koma amene akupita ku Dedza sangapindule nayo, pakuti ndege idzam'pitiriza, ndipo adzabwerera m'mbuyo pamsewu makilomita opitirira 100 kuchokera ku Lumbadzi.

Kwa ife a m'midzi pali chinanso choti tiganizire. Msewu wafumbi ukakumbika ndi mvula, kapena mlatho ukakokoloka, kuchoka kumudzi kukafika ku Chileka kungatenge nthawi yaitali kuposa kuuluka mpaka ku Lilongwe, ndipo ndege siidikira munthu. Pokonzekera ulendo, yambani kuwerenga nthawi kuchokera pakhomo panu, funsani za msewu dzulo lake, ndipo nyamukani msanga. Misewu ndi milatho yoonongeka muziitula ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC komanso kwa khansala wa wodi yanu, kuti ilowe m'ndondomeko ya ntchito za khonsolo.