Imelo ya Kuntchito pa Foni ya M'manja: Phindu Lake ndi Udindo Wake

Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabungwe tinazolowera kulandira makalata a kuntchito pa foni ya m'manja. Kalata ikangotumizidwa, foni imalira m'thumba. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti polowetsa imelo ya kuntchito m'foni yawoyawo, amapatsanso ofesi mphamvu zina pa foniyo. Kuti timvetse bwino nkhaniyi, tiyeni tibwerere ku chaka cha 2008, pamene kampani ya Apple inakonzanso pulogalamu yoyendetsa iPhone.

iPhone yoyamba inatuluka ku America mu Juni 2007. Inkalandira imelo ndithu, koma makampani akuluakulu ankaikayikira. Makalata awo ankasungidwa pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene m'makampani ambiri inkayendera pulogalamu ya Microsoft Exchange, ndipo iPhone sinkalumikizana nayo mokwanira. Masiku amenewo mabwana ankakonda BlackBerry, foni ya kampani ya Research In Motion ya ku Canada. Tsono pa 6 Malichi 2008, Apple inalengeza kuti yatenga chilolezo kwa Microsoft chogwiritsa ntchito njira yotchedwa Exchange ActiveSync. Pa 11 Julayi chaka chomwecho, pulogalamu yatsopanoyo, ya nambala 2.0, inatuluka. Eni iPhone anailandira ulere, pomwe eni iPod touch analipira madola 9.95.

Chinthu choyamba chimene inabweretsa ndi chimene akatswiri amachitcha push. Kale foni inkachita ngati munthu wopita ku positi ofesi pakapita mphindi 15 kapena 30 zilizonse kukasuzumira m'bokosi, nthawi zambiri n'kubwerako chimanjamanja. M'njira yatsopanoyi, foni imatumiza pempho ku seva n'kudikira, ndipo seva siyankha msanga. Kalata ikafika, seva imayankha pomwepo, foni n'kukoka kalatayo. Nthawi yodikira ikatha popanda kalata, foni imatumizanso pempho lina. Microsoft inayamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi mu 2005, pamene inakonzanso Exchange Server 2003.

Makalata sanabwere okha. Kalendala ya misonkhano ndi maina a anthu pamodzi ndi manambala awo zinayamba kufanana pa foni ndi pa kompyuta ya ku ofesi, popanda kulumikiza chingwe. Mlembi akasintha nthawi ya msonkhano, foni ya bwana inkasintha yokha. Wantchito ankatha kufufuza adiresi ya mnzake aliyense m'kaundula wa kampani yonse. Panalinso zina zing'onozing'ono zothandiza, monga kufufuta kapena kusamutsa makalata ambiri nthawi imodzi, kusunga zithunzi zobwera m'kalata, ndi kutsegula mafailo a PowerPoint.

Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Makampani sakanalola kuti zinsinsi zawo ziziyenda m'matumba a anthu popanda chitetezo. N'chifukwa chake pulogalamu yomweyo inapatsa woyang'anira seva mphamvu ziwiri. Yoyamba ndi yolamula kuti foni ikhale ndi nambala yachinsinsi, ndiponso kuti izidzitseka yokha ikakhala nthawi yakuti osaigwira. Yachiwiri ndi yofufuta zonse za m'foni iye ali kutali, zimene amazitcha remote wipe. Foni ikatayika kapena ikabedwa, woyang'anirayo amatumiza lamulo, ndipo foniyo ikangolumikizana ndi intaneti imabwerera mwakale, ngati yangotuluka m'sitolo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo limenelo silinkasankha. Linkafufuta makalata a kampani pamodzi ndi zithunzi za ana, mauthenga a abale, nyimbo ndi manambala onse. Pa foni yogulidwa ndi kampani zimenezi n'zomveka. Koma foni ikakhala yoti munthu anagula ndi ndalama zake, kuluza zonsezo chifukwa chakuti wasiya ntchito, kapena chifukwa woyang'anira walakwitsa, ndi chinthu chowawa.

M'zaka zotsatira zinthu zinasinthako. Mu Januwale 2015 Microsoft inatulutsa pulogalamu ya Outlook ya pa iPhone ndi pa Android, imene ikalandira lamulo lofufuta imachotsa zokhazo zimene zili m'kati mwake. Mu 2016, ActiveSync ya nambala 16.1 inabweretsa lamulo lochotsa akaunti ya kuntchito yokha, kusiya zina zonse. Ngakhale zili choncho, zimene zingachitike pa foni yanu zimatengera pulogalamu imene mumawerengera imelo, mtundu wa foni, ndi momwe ofesi inakonzera seva yake. Mphamvu yofufuta foni yonse ikadalipo m'njira zina zolumikizira.

Tsono owerenga athu, safunsa anadya phula. Musanalowetse imelo ya kuntchito m'foni yanu, funsani woyang'anira makompyuta ku ofesi ngati angathe kufufuta foni yonse kapena akaunti yokha. Werengani mofatsa uthenga umene foni imaonetsa popempha kuti muvomereze malamulo a chitetezo, musangodina kuti mwalola. Sungani zithunzi ndi manambala anu pamalo ena, kaya pa kompyuta kapena pa akaunti yanuyanu ya pa intaneti. Foni ikatayika, dziwitsani ofesi tsiku lomwelo, pakuti makalata ali m'menemo amakhudza anthu ena: malipiro awo, matenda awo, madandaulo awo. Ndipo pamene mukusiya ntchito, kapena mukufuna kugulitsa foni kapena kupatsa m'bale, yambani mwachotsamo akaunti ya kuntchito.

Pomaliza, tikumbukire kuti push ingathe kuzimitsidwa. Pafupifupi foni iliyonse imalola mwini wake kusankha kuti makalata azibwera pokhapokha iye akatsegula pulogalamu, kapena kuti foni isalire usiku. Ku France nkhaniyi inafika pokhala lamulo: kuyambira pa 1 Januwale 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za nthawi imene munthu ali ndi ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito. Ifenso tingathe kugwirizana ndi anzathu ku ofesi za maola amene kalata iyenera kuyankhidwa, ndi maola amene ingadikire mpaka kuche.