Tsiku limene Inde-Bwana anapuma pa ntchito

Anzanga a pasitolo yopikulitsa katundu ku Limbe ankanditcha Inde-Bwana, ndipo sankanama. "Ubwere Lamulungu tidzawerenge katundu." Inde bwana. "Za tchuthi tikambirana chaka chamawa." Inde bwana. Ndinkafika alonda asanazimitse mbaula, n'kuweruka minibasi za ku Bangwe zitakwera kale mtengo. Likamafika tsiku la 15 la mwezi, wakatapila ankandizindikira ndili patali, ndi kayendedwe kokha.

Tandionani lero! Masaya anabwerera. Loweruka likapendeka dzuwa foni ndimathimitsa, Lamulungu ndimaimba kwaya mpaka mawu kusasa. Wakatapila uja tikakumana pamsika amandipatsa moni wodandaula.

Anandisandutsa ndi mayi ena achikulire owerengera ndalama, amene tonse tinkawaopa chifukwa sankaseka wamba. Tsiku lina tikudya nsima ya masana anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, pepala la malipiro lija umaliwerenga, kapena umakulungira mandasi?"

Mandasi ndithu, amayi.

Anandikhazika pansi ndi cholembera. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, anatero, limati sabata ya ntchito ndi maola 48. Ukapitirira pamenepo ndi ovataimu: ola limodzi amalipira ngati ola ndi theka, ndipo ukagwira pa tsiku lako lopuma amalipira kawiri. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, malipiro osadulidwa. Nanga penshoni? Lamulo la penshoni la 2011 limati pa K100 iliyonse ya malipiro ako abwana amaikapo K10, iwe K5, ndipo uli ndi ufulu wofunsa ngati ndalamazo zikufikadi kumene zimasungidwa. Ine kukamwa yasa. Ma Lamulungu onse aja ndinkangopereka ngati chopereka cha kutchalitchi!

Ndinagula kabuku, n'kumalemba nthawi yolowa ndi yoweruka. Mwezi utatha ndinagogoda kwa abwana, mawondo akuombana, katundu wa m'kabati yanga nditalongedza kale mumtima. Iwo anatsegula kabukuko, anakanda m'mutu, kenako anati, "Nanga bwanji sunanene kale?"

Basi! Zimene ndinkaopa zaka zonsezo zinathera pomwepo. Ovataimu inayamba kuoneka papepala, ndipo amayi aja anandikokera ku SACCO, kumene ndalama imadulidwa isanafike m'manja oyabwawa. Makina osokera amene akulira m'nyumba mwangamu anachokera kumeneko. Tchuthi choyamba ndinakathera kwathu ku Mulanje, kudya nanazi ndi kugona mpaka agogo kudzandigwedeza kuti aone ngati ndikupuma.

Tsono iwe mtsikana wa diresi lobwereka, amene ukunjenjemera pakhomo la ofesi ndi envelopu m'manja, tamvera kuno. Kalata ya ntchito usasaine uli chiimirire. Pempha upite nayo kunyumba, ndipo yako usunge. Chimene abwana alonjeza pakamwa, uwapemphe mwaulemu kuti achilembe. Akakukaniza zako, ofesi ya zantchito ya boma ilipo, komanso khoti loona za ntchito. Munthu amene onse amamuopa muofesimo ukhale naye pafupi pa nthawi ya nkhomaliro.

Ndipo nsapato zazitali zimene ukuzisirira pawindo zija zisiye. M'sitolo muno mwezi ukamatha, ngakhale kalaliki amanyamula nawo mabelo a shuga.