Kodi Masingano a ku China Angaletse Mwana Kukodza Pogona?

Makolo ambiri a muno mu Blantyre, kuyambira ku Nyambadwe ndi ku Ndirande kufikira ku Limbe, pamodzi ndi a m'midzi yozungulira, amafunsa za njira ya kuchiza ndi masingano imene Azungu amaitcha acupuncture. Ena anamva kuti imaletsa ana kukodza pamphasa, ndipo afuna kudziwa ngati mpoyenera kutayirapo ndalama.

Njira imeneyi inayamba ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo. Wochizayo amabaya timasingano topyapyala pamalo osankhika a thupi. Kwa mwana wokodza pogona amabaya pansi pa mchombo, m'chiuno ndi m'miyendo. M'chaka cha 2011 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula kafukufuku wa nkhaniyi, napeza kuti umboni wakuti masingano amathandiza ndi wofooka, pakuti ana oyesedwa anali ochepa ndipo kayesedwe kake sikanali kosamalitsa. Kotero sitingakulonjezeni kuti mwana wanu adzachira nawo.

Tiyenera kudziwa chimene chimachititsa vutoli. Pa ana 100 a zaka zisanu, pafupifupi 15 amakodza pogona, ndipo pa ana 100 otere, ngati 15 amaleka okha chaka chilichonse popanda mankhwala. Chifukwa chake mwana akaleka atabayidwa, nkovuta kudziwa ngati am'chiritsa ndi masingano kapena kukula. Ana ena impso zawo zimapanga mkodzo wochuluka usiku, ena chikhodzodzo chawo sichisunga wambiri, enanso tulo tawo ndi tofa nato. Kudzimbidwa nako kumapanikiza chikhodzodzo. Kawirikawiri vutoli limatsata kumtundu: bambo kapena mayi nayenso ankanyowetsa mphasa ali mwana.

Mwana sachita dala. Kumukwapula, kapena kumusenzetsa mphasa yonyowa anzake akumuwowoza, kumangomuwonjezera mantha.

Pitani naye kuchipatala msanga ngati mkodzo uli ndi magazi, pakuti ungakhale likodzo, limene mankhwala ake ndi praziquantel; ngati akumva kuwawa pokodza; ngati ali ndi ludzu losatha ndipo akuwonda, zimene zili zizindikiro za nthenda ya shuga; ndiponso ngati wayambiranso kukodza atatha miyezi 6 ali wouma. Singano singachize matenda amenewa, ndipo kuchedwa kungawononge moyo wa mwana. Achipatala adzayeza mkodzo, ndipo pakafunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital.

Kunyumba, mwana amwe madzi okwanira masana, koma achepetse madzulo, makamaka tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo. Akodze asanagone. Muikireni kachitini pafupi, pakuti ana ambiri amaopa kupita kuchimbudzi mumdima. M'patseni ndiwo zamasamba ndi zipatso kuti asadzimbidwe, ndipo muyamikireni akatsata malangizowa. Kwa mwana wopitirira zaka zisanu, dokotala angathe kupereka desmopressin, mankhwala ochepetsa mkodzo usiku.

Pomaliza, chenjerani ndi chilichonse choboola khungu. Singano kapena lumo lotemera mphini limene lagwiritsidwa kale pa munthu wina lingapatse mwana kachilombo ka HIV ndi nthenda ya chiwindi ya mtundu wa B. Ngati mwasankha kuyesa masingano, yambani mwayezetsa mkodzo wa mwana, funsani ngati wochizayo ali ndi chilolezo cha boma, ndipo aliyense aone ndi maso ake kuti singano ndi yatsopano, yotsegulidwa m'paketi pamaso pake.